Charles Taylor: makaniko amene adasema injini ya ndege yoyamba

Pa 17 December 1903, Orville Wright adanyamuka pansi ndi ndege pamchenga wa Kill Devil Hills, pafupi ndi mudzi wa Kitty Hawk m'dziko la America. Adakhala m'mwamba masekondi 12 n'kuuluka mamita pafupifupi 37. Tsiku lomwelo mkulu wake, Wilbur, adauluka masekondi 59, mtunda wa mamita 260. Munthu amene adasema injini ya ndegeyo ndi manja ake kudalibe. Adali atatsala mumzinda wa Dayton, m'chigawo cha Ohio, akukonza njinga za anthu kuti shopu ya mabwana ake isatsekedwe.

Dzina lake adali Charles Edward Taylor, ndipo anzake ankangomuitana kuti Charlie. Masiku ano amakaniko a ndege amamutenga ngati kholo la ntchito yawo. Chodabwitsa n'chakuti ntchito imeneyi lero imayendera mapepala: makaniko saloledwa kumanga bawuti imodzi pandege popanda buku lomuuza kamangidwe kake, ndipo akatha amasainira. Koma kholo lawolo lidapanga injini yonse poyang'ana tizidutswa ta mapepala tolembedwa ndi pensulo, tokolekedwa pamsomali pamwamba pa tebulo lake logwirira ntchito.

Ubwana wake

Taylor adabadwa pa 24 May 1868 m'kanyumba ka mitengo ku Cerro Gordo, m'chigawo cha Illinois. Bambo ake adali mlimi, koma mliri utawaphera nkhumba banjalo lidasamukira ku Lincoln, m'chigawo cha Nebraska. Sukulu sadapite nayo patali. Ali ndi zaka 12 adayamba ntchito kumalo omatira mabuku a nyuzipepala ya Nebraska State Journal, ndipo kumeneko ndi kumene adazolowerana ndi makina. Pang'ono ndi pang'ono adaphunzira kusula ndi kusema zitsulo mpaka adakhala mmisiri wopanga zipangizo.

M'chaka cha 1894 adakwatira Henrietta Webbert, yemwe kwawo kudali ku Dayton, ndipo mu 1896 banjali lidasamukira mumzindawo. Taylor adapeza ntchito kukampani ya Stoddard, yomwe inkapanga makina aulimi ndi njinga. Patapita zaka ziwiri adatsegula shopu yake yosemera zitsulo, ndipo ena mwa amene ankabwera ndi ntchito adali anyamata awiri apachibale ogulitsa njinga, Wilbur ndi Orville Wright. Nyumba imene awiriwa ankachita lendi pamsewu wa West Third idali ya Charles Webbert, mbale wa mkazi wa Taylor.

Mu June 1901, Taylor akugwira ntchito kukampani ina ya zamagetsi, abalewa adamupempha kuti akakhale wantchito wawo pamalipiro a madola 18 pasabata. Iye adavomera chifukwa ndalamazo zidali zochulukirapo komanso shopuyo idali pafupi ndi kunyumba kwake. Ntchito yake idali yokonza njinga ndi kusamalira makasitomala, kuti eni ake apeze mpata wopita ku Kitty Hawk kukayesa ndege zawo zopanda injini. Adali munthu wosuta ndudu zikuluzikulu tsiku lonse ndiponso wosasankha mawu polankhula, moti mlongo wawo wa abalewa, Katharine, ankanyansidwa naye. Koma ntchito ya manja ake palibe amene ankaikayikira.

Kumapeto kwa chaka chomwecho adathandiza kupanga bokosi lamatabwa lopemereramo mphepo, momwe abalewa adayeseramo timapiko tachitsulo tamitundu pafupifupi 200 kuti adziwe kaumbidwe ka phiko lonyamula bwino. Imeneyi ndiyo idali ntchito yake yoyamba yokhudza ndege.

Injini ya masabata asanu ndi limodzi

Pofika kumapeto kwa 1902, abale a Wright adali atadziwa kuwongolera ndege m'mwamba. Chotsala chidali injini. Adalembera makampani angapo opanga mainjini kupempha injini ya mphamvu zosachepera mahosipawa 8 koma yosalemera kuposa makilogalamu pafupifupi 82. Palibe kampani imene idawapatsa chimene ankafuna. Choncho adaganiza zoipanga okha, ndipo ntchito yosema idagwera Taylor, amene pamoyo wake wonse adali atangokonzapo injini ya galimoto kamodzi kokha.

Zipangizo zomwe zidali mushopumo zidali zochepa: makina ozungulitsa chitsulo pochisema, makina obowolera, ndi zida zapamanja. Makina awiriwo ankayendetsedwa ndi malamba ochokera ku kainjini ka silinda imodzi komwe abalewa adapanga okha.

Monga Taylor mwini adafotokozera m'magazini ya Collier's mu 1948, sadakonze zojambula zaukatswiri za injiniyo. Atatuwa ankakambirana za chida chimene chikufunika, mmodzi n'kuchijambula mwachangu pa kapepala kalikonse komwe kali pafupi, kenako Taylor n'kukoleka kapepalako pamwamba pa tebulo lake n'kuyamba kusema. Maganizo ambiri a kapangidwe ka injiniyo adali a eni shopuwo, makamaka Orville, koma kusandutsa mizere ya pensulo kukhala chitsulo choyenda idali ntchito ya Taylor.

Chida chimene chimaonetsa bwino luso lake ndi crankshaft, chitsulo chokhotakhota chija chimene mapisitoni amakankha kuti injini izungulire. Taylor adatenga chitsulo chaphanthi, chotalika masentimita 79, mulifupi masentimita 15, chochindikala masentimita 4. Adalemba kaonekedwe ka chidacho pamwamba pake, n'kuboola timabowo tondondozana motsata mzerewo. Atatero adagumula zotsalazo ndi nyundo ndi tchizulo, kenako n'kuika chitsulocho pamakina kuti achiseme mpaka chisalale. Chitatha chinkalemera pafupifupi makilogalamu 9 ndipo chinkazungulira popanda kupendekera mbali imodzi.

Pofuna kuchepetsa kulemera, thupi la injiniyo lidaumbidwa ndi aluminiyamu, chitsulo chimene panthawiyo chidali chisadafale pamainjini. Injiniyo idali ya masilinda anayi ogona chammbali, iliyonse ya masentimita pafupifupi 10 m'mimba mwake. Idalibe kabuleta ngati ya galimoto, idalibe pampu ya mafuta, ndiponso idalibe mapulagi. Petulo ankangotsika yekha kuchokera m'kathanki komangiriridwa pamwamba, n'kugwera pamalo otentha pomwe ankasanduka nthunzi n'kusakanikirana ndi mpweya. Moto unkayaka pamene tizitsulo tiwiri ta m'kati tikugundana n'kulekana. Madzi ndiwo ankaziziritsa masilinda.

Patatha masabata asanu ndi limodzi, pa 12 February 1903, injiniyo idalira koyamba. Mawa lake thupi la aluminiyamu lija lidang'aluka, ndipo padatenga miyezi iwiri kuti lina liumbidwe. Itamangidwanso idatulutsa mahosipawa 12, kuposa amene ankafunika, ndipo zimenezi zidapatsa abalewa mwayi wolimbitsa mapiko ngakhale kuti ndege idalemererako. Injiniyo inkazungulitsa mapulopela awiri kudzera m'matcheni ofanana ndi a njinga, tcheni chimodzi chitapingasidwa kuti mapulopelawo azizungulira mosemphana.

Pamene kapepala kamakwanira

Sikuti luso la zojambula za amisiri kudalibe panthawiyo. Katswiri wa masamu wa ku France, Gaspard Monge, adali atakhazikitsa maziko ake zaka zoposa 100 m'mbuyomo. Njira yake ndi imene ophunzira zaumisiri amayambira mpaka lero: chinthu chimodzi chimajambulidwa monga chimaonekera kutsogolo, pamwamba ndi pambali, zithunzi zitatuzo zitandanda molingana kuti muyeso wa pachimodzi ugwirizane ndi wa pachinzake. Abale a Wright ankaidziwa njirayi. Ku Franklin Institute, mumzinda wa Philadelphia, kumasungidwa chojambula chawo cha ndege ya 1903, cholembedwa ndi pensulo papepala lokulungira katundu.

Painjini, timapepala tija tidakwanira pazifukwa zomveka. Wojambula ndi wosema adali m'chipinda chimodzi, moti Taylor akakayikira muyeso ankangocheuka n'kufunsa. Injini inkapangidwa imodzi yokha, ndipo chida chilichonse chinkapalidwa mpaka chilowe mwa chinzake. Zimene pepala silidanene zidali m'mutu mwa anthu atatu.

Vuto la kachitidwe kotere lidaonekera ndege itafika ku Kitty Hawk, kutali ndi tebulo la Taylor. Pa 5 November, poyesa injini, mashafti ozungulitsa mapulopela adawonongeka. Kumchengako kudalibe makina osemera, choncho adawatumiza ku Dayton kuti Taylor awakonze, ndipo adabwerako pa 20 November. Patatha masiku asanu ndi atatu shafti imodzi idapezekanso ndi mng'alu. Ulendo uno Orville adakwera yekha sitima kupita ku Dayton kukapanga mashafti achitsulo chosabowoka m'kati, ndipo adabwerera pa 11 December. Mwezi wathunthu udatha chonchi, chisanu chikukulirakulira, pamenenso Samuel Langley, yemwe boma lidamupatsa madola 50,000, ankayesa ndege yake pamtsinje wa Potomac. Ya Langley idagwera m'madzi pa 8 December. Ya abale a Wright, yomwe sidadye ngakhale madola 1,000, idauluka patapita masiku asanu ndi anayi.

Ngozi ya ku Fort Myer

Mu 1904 ndi 1905 abalewa ankayesera ndege zawo padambo la Huffman Prairie, kunja kwa Dayton. Taylor ankasamalira malowo, kupanga mainjini atsopano ndi kukonza ndege ikagwa, zomwe zinkachitika kawirikawiri. Ankalakalaka kuphunzira kuulutsa ndege, koma mabwana ake sankafuna, poopa kuti akazolowera m'mwamba adzasowa wowakonzera makina.

Mu September 1908 adaperekeza Orville ku Fort Myer, pafupi ndi Washington, kukaonetsa ndege kwa asilikali omwe ankafuna kuigula. Pa 17 mwezi womwewo Orville adanyamuka ndi msilikali wina, Thomas Selfridge. Ali m'mwamba pulopela imodzi idang'ambika n'kumenya waya wogwira chiwongolero cha kumbuyo, ndipo ndegeyo idagwa chamutu. Selfridge adamwalira madzulo ake, kukhala munthu woyamba kufa pangozi ya ndege ya injini. Orville adathyoka mwendo ndi nthiti.

Taylor ndi makaniko mnzake, Charles Furnas, adafufuza zidutswa za ndegeyo n'kutengera pulopela yong'ambikayo kuchipatala kuti Orville aione ali pabedi. Kuchokera pamenepo gwero la ngoziyo lidadziwika, ndipo mapulopela otsatira adalimbitsidwa. Ntchito yotola zidutswa ndi kufunsa chimene chidayamba kuthyoka, yomwe lero ili ndi mabungwe akeake m'maiko ambiri, tsiku limenelo idagwiridwa ndi amakaniko awiri.

Ulendo wodutsa America

Mu 1911 mwini nyuzipepala wina wolemera, William Randolph Hearst, adali atalonjeza madola 50,000 kwa munthu amene angauluke kuchokera kugombe lina la America kukafika kugombe linalo m'masiku 30. Calbraith Perry Rodgers adagula ndege ya Wright, yomwe adaitcha Vin Fiz potengera dzina la chakumwa cha kampani imene idalipira ulendowo. Panthawiyo kudalibe buku lofotokoza kakonzedwe ka ndegeyo lomwe makaniko wina aliyense akadatha kulitsata. Rodgers adadziwa kuti bukulo ndi Taylor mwini, ndipo adamulemba ntchito pa madola 70 pasabata.

Ulendowo udayambira ku Sheepshead Bay, ku New York, pa 17 September 1911. Sitima yapamtunda inkatsatira ndegeyo itanyamula zida zosinthira, ndipo Taylor adali m'menemo. Rodgers adagwa maulendo oposa khumi, nthawi zina pamitengo, nthawi zina pamipanda. Akagwa, Taylor ndi anzake ankachezera usiku kumanganso mapiko ndi kukonza injini. Mphoto ija idawadutsa, koma Rodgers adafika ku Pasadena, m'chigawo cha California, pa 5 November, patatha masiku 49. Pofika kumeneko, zida zimene ndegeyo idanyamuka nazo ku New York zidatsala zowerengeka. Taylor sadaone nawo mapeto a ulendowo, pakuti adabwerera ku Dayton usadathe atamva kuti mkazi wake wadwala kwambiri.

Ukalamba wa usiwa

Wilbur adamwalira mu May 1912. Taylor adapitiriza kugwira ntchito ndi Orville ndi makampani a ndege a ku Dayton mpaka 1920. Mu 1928 adasamukira ku California, komwe adaika ndalama zimene adasunga pamalo a pafupi ndi nyanja ya Salton Sea. Chuma cha America chitagwa, ndalamazo zidalowa m'madzi.

Mu 1936 Henry Ford adagula nyumba ya banja la Wright pamodzi ndi shopu ya njinga ija kuti akazimangenso kumalo ake osungirako mbiri ku Greenfield Village, m'chigawo cha Michigan. Apa mpamene kusowa kwa zolemba kudaonekeranso, chifukwa padafunika munthu wokumbukira mmene makina adaikidwira mushopumo. Anthu a Ford adamupeza Taylor ku Los Angeles akugwira ntchito wamba pafakitale ya ndege ya North American Aviation, pakati pa anyamata amene sankadziwa kuti mkulu ali pambali pawoyo ndi ndani. Adakhala ku Michigan mpaka 1941, kenako adabwerera ku California kukagwira ntchito m'fakitale ya zida zankhondo. Mu 1945 adadwala mtima ndipo sadagwirenso ntchito.

Orville sadamuiwale. Ankamulembera makalata ndipo adamukonzera ndalama zokwana madola 800 pachaka, koma pofika m'zaka za m'ma 1950 zimenezi sizinkakwanira munthu wodwala. Mu 1955 mtolankhani wina adamupeza ali m'chipinda cha osauka pachipatala cha boma ku Los Angeles. Nkhaniyo itatuluka, makampani opanga ndege adasonkha ndalama n'kumusamutsira kumalo osamalirako okalamba. Adamwalira pa 30 January 1956 ali ndi zaka 87, tsiku lofanana ndi limene Orville adamwalira zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo. Adaikidwa ku Portal of the Folded Wings, manda a anthu otchuka pa zandege kufupi ndi Burbank.

Zimene zidatayika ndi zimene zidalembedwa

Injini imene Taylor adasema mu 1903 kulibenso yathunthu. Mphepo idagubuduza ndegeyo masana a tsiku lomwe idauluka, injini n'kuwonongeka. Mu 1906 zida zake zina, kuphatikizapo crankshaft ija, zidatumizidwa kuchionetsero ku New York ndipo sizidabwerenso. Pamene Orville ankamanganso ndegeyo mu 1916, adalowetsapo zida za injini ina yomwe Taylor adapanga mu 1904. Timapepala ta pamsomali tija palibe adatisonkhanitsa. Ndegeyo ili ku Science Museum ku London, komwe idakhala kuyambira 1928 mpaka 1948, akatswiri adachita kuiyeza chida ndi chida kuti apeze zojambula zopangira ina yofanana nayo. Pepala lidabwera pambuyo pa chitsulo.

Lero ndondomekoyi ndi yotembenuka. Chida cha ndege chimayamba papepala kapena pakompyuta, ndipo chojambula chake chimanena zonse zimene Taylor ankafunsa pakamwa: miyeso, mtundu wa chitsulo, kasalalidwe kake, ndi malire a kuphonya kololedwa, amene nthawi zambiri amakhala kachigawo kakang'ono ka milimita. Pakona yam'munsi pamakhala bokosi lokhala ndi nambala ya chidacho, dzina la wojambula, la wovomereza, ndi chizindikiro chosonyeza kuti chojambulacho chasinthidwa kangati. Chifukwa cha zimenezi, chida chosemedwa ku Japan chimalowa bwinobwino pandege yomangidwa ku America.

Malamulo nawo adatsatira. Lamulo la America la 1926 lidayambitsa ziphaso za amakaniko a ndege. Pangano la ku Chicago la 1944 lidabala bungwe la ICAO, lomwe limaika miyezo imene maiko, kuphatikizapo Malawi, amatsata. Ndipo mu 1956, chaka chimene Taylor adamwalira, bungwe la makampani a ndege ku America lidatulutsa ndondomeko yotchedwa ATA 100, yogawa mabuku okonzera ndege m'mitu ya manambala ofanana. Mutu 28 ndi wa mafuta, 32 ndi wa mateyala ndi miyendo yoterera, 61 ndi wa mapulopela, 72 ndi wa injini. Makaniko wa ku Lilongwe ndi wa ku Dayton akafuna za mabuleki amatsegula mutu umodzimodzi. Pambali pa buku la kakonzedwe pali lina la zithunzi ndi manambala a zida zonse, lina la mawaya amagetsi, ndi buku la mbiri ya ndege iliyonse, momwe ntchito yonse yogwiridwa imalembedwa ndi kusainidwa ndege isadaloledwe kunyamuka.

Mbiri ya Taylor nayo idachita kutoleredwa mochedwa. Dzina lake lidalowa m'gulu la anthu olemekezeka la National Aviation Hall of Fame mu 1965, ndipo mmisiri wina wa ku Dayton, Howard DuFour, adatha zaka zambiri akufufuza za moyo wake mpaka adalemba buku. Bungwe loyang'anira zandege ku America, FAA, limapereka mphoto ya Charles Taylor Master Mechanic Award kwa amakaniko amene agwira ntchitoyi zaka 50. M'madera ambiri a dzikolo tsiku la 24 May, lomwe iye adabadwa, limakumbukiridwa ngati tsiku la amakaniko a ndege.